Anamutuma Mchenga

"Mundiuze inuyo, bambo a Karima, poti ndinu a tcheyamani a komiti ya sukulu. Mwana amapita kusukulu kukaphunzira kapena kukasenza mchenga?"

Saida anafunsa ataima pakhomo, manja ali m'chiuno, lichero la mpunga atalisiya pansi kuti nkhuku zichite nalo zimene zikufuna. Mwamuna wake, Che Twahir, anali asanatsike n'komwe panjinga.

"Munthu ndipume kaye, mayi. Kwagwanji?"

"Mukapuma kumanda. Taonani mwana wanu uyo."

Karima anali atakhala pakhonde. Yunifolomu imene anaisita m'mawa ndi simbi ya makala inali itanyowa mpaka m'chiuno, ndipo mpango wake woyera wa kumutu unali utada ndi matope. Sankalira ayi. Bola akanalira, bambo ake akanapeza poyambira.

Linali tsiku lojambula zithunzi. Mwana aliyense wa Sitandade 8 wofuna kulemba mayeso a boma amayenera kujambulidwa, chithunzicho n'kupita limodzi ndi dzina lake kwa eni mayeso. Wopanda chithunzi alibe chiphaso, ndipo wopanda chiphaso salowa m'chipinda cholembera, ngakhale atalira chotani.

"Ababa," anatero Karima motsitsa mawu, "titangochoka pa mzere, amadamu anatchula mayina athu ife okhala kumbuyo. Akuti mchenga womangira chimbudzi watha, amisiri akudikira. Akuti wojambula afika masana, tisadandaule. Tinapita ku mtsinje, kusenza, kubwerera, kusenzanso. Ulendo womaliza tinakumana naye pa mlatho ali pa njinga yamoto, akupita."

"Sanaime?"

"Anatiimbira hutala kuti tipatuke."

Che Twahir anatsika panjinga. Sikuti nkhani ya mchenga inali yachilendo kwa iye. Chachilendo chinali kuipeza itakhala pakhonde pake, itavala mpango wa mwana wake.

"Aa, pangokhala kusamvana penapake," anatero akuyedzamiritsa njinga kukhoma. "Mawa ndikaonana ndi a hedi. Zimenezi n'zazing'ono."

"Zazing'ono?" Saida anaomba m'manja kamodzi. "Mwaiwala zimene ananena achimwene chaka chatha? Mwanayu anabwereza kale Sitandade 7. Anati chaka chino n'chomaliza. Akapanda kulemba, iwo ali naye kale munthu womukwatira. Abasi uja wa ku Joni akubwera mwezi wa Disembala, ndipo abale ake afika kale kawiri kwa achimwene ku Naisi kudzafunsa. Inu mukuti zazing'ono!"

"Mwana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi? Boma silingalole."

"Boma limadziwa njira ya kuno? Limabwera ndi mayeso basi, n'kumapita."

"Ndati ndikonza, mayi. Mwana ndi wanga."

"Ndi wanu pomudyetsa. Pomulamula ndi wa achimwene. Munakwatira pamudzi pano maso muli nawo."

Pamwamba pa phiri la Zomba mitambo yakuda inali itaunjikana monga inkachitira madzulo onse mwezi umenewo, kugunda chapatali koma osagwetsa dontho.

M'mawa mwake anavala mkanjo wake wabwino n'kupita kusukulu. Mphunzitsi wamkulu, bambo Spencer, anamulandira ndi manja awiri, n'kumukokera mpando. Pa kabati panali chikho chimene sukuluyo inalandira chifukwa kwa zaka ziwiri zotsatana mwana aliyense amene analemba mayeso anakhoza. Che Twahir ankakonda kuchiyang'ana chikhocho. Tsiku limeneli anachifulatira.

"A hedi, dzulo pachitika kulakwitsa. Mwana wanga anali m'gulu la ku mtsinje."

"Palibe cholakwika, a tcheyamani," bambo Spencer anayankha akupukuta magalasi. "Karima mayeso oyeserera sanachite bwino. Masamu akuyesetsa, koma Chingerezi chamukanika. Ndipo mukudziwa, wolephera Chingerezi walephera zonse."

"Koma ndi mwana wanga."

"Sefa siyang'ana kuti gaga uyu ndi wa m'munda mwa yani."

"Kudakali miyezi yambiri mayeso asanafike. Akhoza kusintha."

"Akhoza, akhozanso osasintha. Ine sinditchova juga ndi dzina la sukulu. Kalasi imodzi ana opitirira zana, mphunzitsi mmodzi, buku limodzi ana asanu. Kodi akuluakulu amafunsa zimenezo? Safunsa kuti munaphunzitsa angati. Amafunsa kuti mwa amene analemba, akhoza angati. Sukulu ikakhala kumchira, amandiimiritsa pamsonkhano ngati wakuba nkhuku, mawa lake kalata yondisamutsira kumene minibasi safika. Ndili ndi ana inenso, Che Twahir."

"Ndamva kuti wojambula amabweranso ku ofesi ya zoni kudzajambula amene anadwala. Mulembeni kuti anadwala."

"Ndikalemba wanu, mawa mayi Alesi afika pano. Mnyamata wawo tinamutuma mchenga chaka chatha, pano akusenza matumba pa Songani. Chaka chino tatumanso mtsikana wawo. Ndiwauza chiyani? Kuti malungo amagwira ana a matcheyamani okha?"

"Ndiye ndipita kwa mlangizi wa zoni. Iyeyo akulamulani."

Bambo Spencer anavala magalasi aja n'kumuyang'ana modekha, ngati dokotala amene waona kale matenda.

"Pitani. Iye yekha ndi amene angandilamule, n'zoona. Koma mukakafika, mukayambire pachiyambi. Mukamuuze kuti kale tinkangowauza ana poyera kuti abwereze, makolo n'kumabwera kudzatukwana pano. Mukamuuzenso amene anaimirira mu ofesi muno n'kunena kuti, 'Musawakanize, atumeni mchenga. Wophonya wojambula sati wakanizidwa, amati ndi tsoka.' Anali ndani, a tcheyamani?"

Che Twahir anayang'ana pansi. Ankalikumbukira bwino tsikulo. A komiti onse anaseka mpaka kugwira nthiti, wina n'kumutcha nkhwantha ya nzeru, ndipo iye anapalasa njinga kubwerera kunyumba akuimba mluzu. Ana amene ankakambidwa tsiku limenelo analibe nkhope. Anali ana a anthu ena.

"Abwereze chaka chimodzi," anatero bambo Spencer akumuperekeza pakhomo. "Chaka sichipha munthu."

Kunyumba Che Twahir ananena kuti zikuyenda, a hedi akuona chochita. Bodza loyamba ndi limene limavuta pakhosi, enawo amangotsetsereka okha.

Lachisanu, anthu atatuluka mu mzikiti, kunabwera Che Rashidi, mchimwene wake wa Saida. Anali munthu wa golosale ku Naisi, wonenepa bwino, wolankhula pang'onopang'ono ngati amene sanatsutsidwepo chibadwire. Pa mbumba yonse ya alongo ake, mawu omaliza ankakhala ake. Anakhala pamkeka, namwa thobwa, kenako n'kupukuta pakamwa.

"Alamu, ndamva kuti mwana sanajambulidwe."

"Zikukonzedwa, alamu."

"Zikukonzedwa. Chaka chatha zinkakonzedwanso. Mwanayu wakula, anthu ayamba kumuyang'ana panjira. Tidikire mpaka atibweretsere mimba yopanda mwini? Abasi ndi mwana wa pabanja labwino, amaswali ku mzikiti, wamanga nyumba ya malata. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo."

"Mwanayu akufuna sukulu."

"Nanga sukuluyo ikumufuna? Inu ndinu a tcheyamani. Ngati sukulu yanu yomwe yamutaya, ine ndimusungire chiyani?"

"Malamulo akuletsa, alamu. Sanafike zaka."

"Ndani wati ukwati mawa? Akakhala kwa ine, azithandiza mu golosale, akazi anga azimulangiza. Abasi akabwera tidzangomanga mawu. Ndipo alamu, ndimakulemekezani, koma mkamwini asamakule mwendo. Karima! Tabwera kuno."

Mtsikana anabwera n'kugwada chapatali.

"Imirira apo pa mtengo wa mango. Konza mpango. Yang'ana kuno."

Che Rashidi anatulutsa foni, n'kuitambasula patsogolo pake. Karima anayang'ana bambo ake, kudikira kuti anene kanthu. Bambo akewo anali otanganidwa ndi nyerere imene inkayenda pamkeka. Foni inalira kuti tcha.

"Mnyamatayo amafuna aone mmene wakulira," anatero Che Rashidi akubweza foni m'thumba. "Ndamva kuti Loweruka la kumapeto kwa mwezi kuli msonkhano wa makolo. Ndidzabwera tsiku limenelo. Mukadzandiuza kuti dzina lake lalowa, ine ndidzabwerera ndekha, sindine chilombo. Likadzapanda kulowa, adzakhale atalongedza."

Masiku otsatira Karima sanajombe kusukulu. Ojambulidwa anawaika kutsogolo n'kumawaphunzitsa mpaka madzulo, a mchenga aja n'kumawaweruka masana pamodzi ndi ana aang'ono. Iye ankabwereka makope a anzake n'kumakopera atakhala pa mtondo. Tsiku lina analondola bambo ake ku dimba kumene ankakonza nazale ya mpunga, n'kuima pa mzere wa madzi.

"Ababa, a hedi akuti chiyani?"

"Akukonza, mwanangu."

"Anzanga akuti chaka chathanso zinachitika chomwechi. Akuti amachita dala."

"Anthu amalankhula zambiri."

"Ine ndinawauza kuti n'zabodza. Ndinati zikanakhala zoona, ababa anga akanadziwa, ndipo sakanalola." Anakumba matope ndi chala cha kuphazi. "Chingerezi chimandivuta, sindikana. Mwina ndikalephera. Koma andilole ndikalephere ndekha, ababa. Ndikalephera ndekha, kwa amjomba ndidzapita osadandaula. Koma osati chonchi."

Khasu linamulemera Che Twahir m'manja. Anachita manyazi amene sanawamvepo chikhalire, manyazi owawa ngati chilonda chothiridwa mchere. Analumbira mumtima kuti mawa lomwelo apita ku zoni.

Mawa lake kunali maliro. Tsiku linzakelo tayala la njinga linaphwa. Munthu akamaopa ulendo, zifukwa zimamupeza zokha. Sabata inatha, inzake n'kuyamba, ndipo pamene anafika ku ofesi ya zoni anapeza njinga yamoto itaima pansi pa mtengo, ana a sukulu zina atandanda pakhonde, wojambula atapachika nsalu yake kukhoma. Chinkafunika n'kungolowa, kunena zoona, n'kuthamanga kukatenga mwana.

Mlangizi wa zoni anamuona pawindo n'kutuluka yekha, manja atatambasula.

"A tcheyamani athu! Anthu inu, bwerani mudzaone munthu amene ndimakuuzani uja. Sukulu yawo mwana salephera. Makomiti ena amangodziwa kukangana za phala, koma awa! Chaka chino ndikufuna mudzalankhule pamaso pa matcheyamani onse, muwauze chinsinsi chanu. Mwabwera ndi nkhani yanji, bambo?"

Aphunzitsi a sukulu zina anali atamuzungulira, akumwetulira. Che Twahir anatsegula pakamwa. Anaona chikho chija, anaona anthu akumuloza pa msika wa Songani, anaona malo ake a kutsogolo mu mzikiti.

"Ndimangodutsa, bwana. Ndati ndikupatseni moni."

Pobwerera anadziuza kuti ana aja ndi ambiri, wojambula sangamalize tsiku limodzi. Anadziuzanso kuti nkhani yotere imafuna munthu apeze mlangizi ali yekha. Mphepo yotentha inkaulutsa fumbi mumsewu, ndipo phiri lonse linali litabisika mu mtambo.

Loweruka la msonkhano linafika. Che Rashidi analawirira, n'kukhala pamkeka ngati mwini malo. Karima anatsekereza bambo ake pa njinga.

"Ndawauza amjomba kuti sindilongedza. Ndati adikire mubwere."

"Wachita bwino," anatero Che Twahir, osamuyang'ana kumaso.

Makolo anadzaza pansi pa mitengo ya pasukulu. Chikho anachiika pa tebulo, pa nsalu yoyera. Bambo Spencer analankhula za chimbudzi chatsopano, za phala, za mbiri yabwino ya sukulu imene yafika mpaka ku boma. Anthu anaomba m'manja. Kenako kumbuyo kunaimirira mayi wowonda, chitenje chake chofwifwa. Anali mayi Alesi.

"Ine sindinapite kusukulu, mundikhululukire ngati ndilakwitse. Ndingofunsa. Chaka chatha mwana wanga wamwamuna anaphonya wojambula ali ku mchenga. Ndinati ndi tsoka. Chaka chino wamkazi waphonyanso ali ku mchenga. Kodi tsoka limeneli limadziwa bwanji tsiku limene wojambula akubwera? Nanga bwanji silinagwerepo mwana wokhoza bwino?"

Anthu anayamba kung'ung'udza. Bambo Spencer anamwetulira.

"Funso labwino, mayi. Ndipempha a tcheyamani ayankhe, poti ngakhale mwana wawo yemwe zinamuchitikira. Muone kuti palibe kukondera."

Che Twahir anaimirira. Anaganiza za mlamu wake ali pamkeka, ndi mwana amene akukana kulongedza chifukwa chokhulupirira bambo ake. Anaganiza kuti makolo onsewa akakwiya pamodzi, a hedi sangachitire mwina, dzina lilowa basi.

"Abale anga," anayamba, "mayi Alesi sakunama. Si tsoka. Ana amene tikuwaona kuti alephera timawachotsa dala, kuti sukulu izioneka yokhoza. Chikho icho tinachipeza chomwecho. Ndipo nzeru ya mchenga sanabweretse ndi a hedi. Ndinabweretsa ndine. Ndinkati ndi ana a eni. Chaona mnzako chapita, lero chili pa ine. Ndikupempha tonse tiuze a hedi ana awa ajambulidwe."

Bwalo lonse linaphulika. Amayi anakuwa, abambo anaimirira akuloza zala, wina anagenda chikho chija ndi mango aawisi mpaka chinagwa pa tebulo. Mayi Alesi okha sanakuwe. Anangomuyang'ana, misozi ikutsika, n'kunena kuti, "Inu, Che Twahir? Munabwera pa maliro a bambo awo anawa, munanyamula nawo."

Phokoso litatsika pang'ono, bambo Spencer anaimirira, nkhope ili gwa.

"Mwamva nokha mwini nzeru. Za ine mukanene kumene mukufuna, ndikayankha. Koma za kujambula, pepani. Wojambula anabwera ku zoni tsiku limodzi lokha, ndipo a tcheyamani analipo, anamuona ndi maso awo. Mayina anapita kale. Ngakhale mundiphe, chaka chino chatsekedwa."

Anthu sanamulole Che Twahir kuchoka msanga. Aliyense amene mwana wake anasenzapo mchenga ankafuna amuuze yekha mawu ake, ndipo iye anaima pomwepo n'kumalandira. Amayi ena anali atanyamuka kale, ndipo nkhani yoipa siyenda pansi, imauluka. Pamene ankakankha njinga kulowera kwawo, mphezi zinkang'anima pa phiri, mphepo ikugwetsa mango osapsa m'njira.

Pabwalo panalibe munthu. Mkeka unali utapindidwa. Saida anali atakhala pakhomo la khitchini, manja ali pa miyendo, osagwira ntchito iliyonse.

"Alamu ali kuti?"

"Apita."

"Nanga Karima?"

Che Twahir anaponya njinga pansi n'kuthamangira kuchipinda cha mwana. Makope anali pa mphasa, atasanjidwa bwino. Yunifolomu inali pa chingwe. Zovala zina zonse kunalibe.

"Mwamulola bwanji?" anakuwa akutuluka. "Mwana wanu yemwe, kumupereka ngati mbuzi! Simukanadikira ndibwere?"

"Anadikira," anatero Saida, mawu ali ozizira. "M'mawa wonse achimwene amalankhula, iye amangoti ababa akonza, ababa akubwera. Anagwira mzati uwo, ndinaona ngati authyola. Achimwene mpaka anatopa, anayamba kufunafuna nsapato zawo kuti azipita okha."

"Ndiye?"

"Ndiye kunadutsa amayi ochokera kumsonkhano. Anaima pa mpanda apo n'kunena zonse, osasiyako kanthu. Mwana anandiyang'ana n'kufunsa kuti, 'Amayi, n'zoona? Ndi ababa?'"

"Munamuyankha chiyani?"

"Ndikanayankha chiyani? Ndagona nanu nyumba imodzi masabata onsewa, mukundiuza kuti zikukonzedwa."

Che Twahir anadzutsa njinga.

"Sanafike patali. Minibasi imachedwa pa Songani. Ndikamulanda, alamu anene zimene anene."

"Mukalanda kwa yani, bambo a Karima?" Saida anadzutsa mutu koyamba n'kumuyang'ana m'maso. "Palibe anamukoka. Anasiya yekha mzati, n'kulowa m'nyumba, n'kulongedza. Potuluka ndi iye amene anati, 'Amjomba, tiyeni.'"